Mukufuna kuwadziwa a Michel Bouquet? Yambirani apa

Vuto la madala awa, katswiri wa zisudzo ndi mafilimu wa ku France, ndi loti anasewera zaka zoposa 70, ndiye mukangolemba dzina lawo pa intaneti mutulukirapo mndandanda wautali wa mafilimu ndi masewero a pa siteji mpaka mugwa ulesi musanaonere ngakhale imodzi. Anabadwira ku Paris mu 1925, anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 96. Ndiye musalimbane ndi mndandanda wonsewo ayi, tengani zochepa koma muzionere bwinobwino.

Yambani ndi khutu, maso abwera pambuyo. Fufuzani Nuit et brouillard ya Alain Resnais, ya 1956, yongotenga pafupifupi mphindi 30, yonena za makampu a Nazi. A Bouquet simuwaona, mumangomva mawu awo akufotokoza zinthu zoopsa kwambiri koma mwaphee, osalira osakuwa. Ndi yolemetsa mtima, osaionera mukudya. Koma mukagwira kamvekedwe kameneko ndiye kuti mwagwira munthu yense.

Kenako pitani pa La Femme infidèle ya Claude Chabrol, 1969, ndipo apa ndiye mukhazikike. Akusewera mwamuna wolemera, waulemu, amene wazindikira kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi, ndiye amapita kunyumba kwa chibwenzicho, amacheza naye bwinobwino atanyamula tambula ya mowa ngati anthu odziwana, mpaka amaona laitala yaikulu yoyatsira fodya yomwe anapatsa mkazi wake ngati mphatso ili m'nyumba mwa mwamuna mnzakeyo. Gawo limeneli lionereni kawiri. Koyamba werengani masabutaito kuti mumve nkhani, kachiwiri azimitseni, muzingoyang'ana pakamwa ndi manja awo, muona kuti nkhope siikusintha kwenikweni koma munthu akuphulika mkati. Ambiri amathamangira kuona chomwe chichitike kenako, n'kuphonya pomwe pali luso.

Mukatero dumphani zaka zambiri mukawapeze atakalamba. Le Promeneur du Champ de Mars ya 2005 akusewera François Mitterrand, pulezidenti wa France uja, ali kumapeto kwa moyo wake, ndipo inawapatsa César yachiwiri, mphoto yaikulu ya mafilimu ku France. Ngati ndale za ku France simukuzitsata musadandaule, ine ndinaionera osadziwa theka la maina omwe akutchulidwa ndipo sindinaboweke.

Koma chinthu chimodzi musaiwale, eni ake mtima wawo unali pa siteji, mafilimu ndi pomwe ife tingawapezere basi. Analipo kale pa Festival d'Avignon yoyamba, chikondwerero chachikulu cha zisudzo ku France, mu 1947 ndi Jean Vilar yemwe anachiyambitsa, anasewera zisudzo zolemba Camus, Anouilh ndi Molière, ndipo Le Roi se meurt ya Ionesco, ya mfumu yokana kufa pomwe zonse zikugwa, anaibwereza kambirimbiri kwa zaka zoposa 20. Zapasiteji ndi zovuta kuzipeza zathunthu, ndiye lembani dzina lawo pamodzi ndi INA, malo osungira zakale za wailesi ndi TV ku France, mupeza tizidutswa ndi macheza. Chifalansa chawo ndi chodekha, mawu aliwonse amatuluka paokha, moti ngati mukuphunzira chilankhulochi imitsani vidiyo pa chiganizo chilichonse n'kuchibwereza mokweza, ngakhale a m'nyumba akusekeni.