Amene mukudwazika agogo ali pa okosijeni, onani izi

Abale anga kaya muli ku Tete kaya ku Ulónguè kuno, musamangoona kapaipi kali m'mphuno mwa agogo basi n'kumati zili bwino. Funsani adokotala kuti alemba malita angati pa mphindi, mulembe papepala. Ndiye muziyang'ana kampira kaja ka m'kagalasi ka pa silinda kakhale pa nambala yomweyo, kakagwa pansi ndiye kuti mpweya sukutuluka olo kapaipi kali pamalo pake. Usiku agogo akamatembenuka kapaipi kamapindika kapena kuvuka, ndipo manesi amakhala ochepa sangaone bedi lililonse nthawi zonse.

Gulaninso kamakina kopana pachala kaja koyezera okosijeni wa m'magazi, oximeter, ku famasi. Kakawerenga pansi pa 90 itanani anesi pompo ndipo mutchule nambalayo, amathamanga kusiyana n'kungoti agogo akubanika. Chala muyambe mwachifunditsa, ndi kuzizira kwa ku Angónia kuno kamanama kamakinaka.

Ngati ali pa makina a okosijeni oyendera magetsi funsiranitu kuti magetsi akathima silinda ili kuti. Koma malitawo musakweze nokha chonde, ena a matenda a mapapo okhalitsa okosijeni wambiri amawapweteka. Vaseline m'mphuno ayinso, mafuta ndi okosijeni sizichedwa kugwira moto.