Mawilo a longboard: momwe mungasankhire oyenera msewu wanu ndi kuwasamalira kuti akhalitse

Munthu akamagula longboard, skateboard yaitali ija yoyendera ndi kutsetserekera pa msewu, maso ake amathamangira pa thabwa: kutalika kwake, utoto wake, chithunzi chimene achijambula kunsi. Mawilo amangolandira amene abwera nawo. Komatu bolodi ilibe mabuleki, ilibenso masipuling'i. Kugwira msewu pokhota, kudutsa pa timiyala, kuchepetsa liwiro pa mtsetse, zonsezi ndi ntchito ya mawilo anayi aja. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu ankayendera mawilo achitsulo kapena ena ouma gwa amene ankawatchula kuti adongo, ndipo kamwala kakang'ono kankakwana kumuponya munthu chafufumimba. Zinthu zinasintha pamene Frank Nasworthy anayamba kugulitsa mawilo a urethane, pulasitiki yofewa ngati labala, ku California, otchedwa Cadillac Wheels. Mpaka lero wilo lililonse labwino limapangidwa ndi urethane. Mukapeza bolodi yotchipa ya mawilo apulasitiki olira kho kho mukawagogoda ndi chikhadabo, dziwani kuti mufunika kugulanso mawilo ena.

Yambani ndi msewu, osati ndi sitolo

Musanafunse mtengo, pitani pamalo pamene muzikwera kawirikawiri, mugwade, mupapase tala ndi chikhatho. Kodi ndi wosalala kapena wokhakhala? M'mbali mwake mwaunjikana mchenga? Pali zigamba, ming'alu, timiyala tothothoka? Amene ali ku Cape Town kapena ku Johannesburg angapeze tala wosalala osavutika. Kwathu kuno misewu yambiri ya m'malokeshoni ndi yokhakhala, ndipo mvula ikangodutsa imasiya mchenga pokhota penipeni. Msewu woterewu umafuna wilo lalikulu ndi lofewa. Kugula mawilo chifukwa mwawaona mu vidiyo ya munthu wotsetsereka pa phiri la kunja n'kutaya ndalama, poti msewu wake si wanu.

Manambala awiri olembedwa pa wilo

Pambali pa wilo mupeza manambala monga 70mm ndi 78a. Yoyambayo ndi kukula kwa wilo. Ma skateboard odumphira aja amayendera mawilo a 50mm mpaka 56mm, amene pa tala wokhakhala amanjenjemeretsa munthu mpaka mapazi kuchita dzanzi. Pa bolodi yaifupi yongoyendera m'tauni, 60mm mpaka 65mm ndi okwanira. Pa longboard yeniyeni yambirani pa 70mm. Otsetsereka m'mapiri ambiri amakhala pakati pa 70mm ndi 75mm, pamene oyenda mitunda italiitali amafika 80mm kapena 85mm. Wilo lalikulu limachedwa kunyamuka, koma likagwira liwiro limalisunga, ndipo limakwera pa mng'alu umene wilo laling'ono likanakodwapo.

Nambala yachiwiri, ya chilembo a kumapeto, ikunena kulimba kwa urethane. Ikakhala yotsika wilo ndi lofewa, ikakwera ndi lolimba. Kuyambira 75a mpaka 80a ndi mawilo ofewa, ogwira msewu bwino, omeza kugwedezeka. Kuyambira 80a mpaka 86a ndi olimbirapo, osavuta kuwatereretsa cham'mbali. A 99a ndi kupitirira apo ndi a m'mabwalo a simenti yosalala, pa longboard alibe ntchito. Makampani ena amasiyanitsa kulimba ndi mtundu. Orangatang, mwachitsanzo, amapanga abuluu a 77a, aolenji a 80a, apepo a 83a ndi achikasu a 86a. Koma musadalire nambala yokha, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kasakanizidwe kake, moti 80a wa uyu ndi 80a wa uyo akhoza kumveka mosiyana kumapazi.

Ngati mukufuna yankho lachidule la kuyenda wamba pa misewu yathu, nali: 70mm, 78a kapena 80a. Munthu wathupi lolemera asankhe 80a kapena kukwererapo pang'ono, chifukwa wilo lofewa kwambiri limaphwatalala ndi kulemera n'kuyamba kudya liwiro.

Mlomo wa wilo, ndi nkhani ya mtsetse

Apa m'pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa m'pamene anthu amavulala.

Tayang'anani m'mphepete mwa wilo, kumene limathera. Mawilo ena ali ndi mlomo wakuthwa, wa kona. Ena mlomo wake ndi wobulungira. Wakuthwa umapindika pang'ono mukakhota n'kukanirira pa tala, ndipo nthawi zambiri umabwera pa wilo lotakata, loponda msewu ndi malo a 50mm kapena kuposa. Wobulungira umalola wilo kuterera cham'mbali mosadzidzimutsa, ndipo malo ake opondera amakhala ochepa, mwina 35mm mpaka 45mm.

Poganiza mwachangu, munthu woyamba mtsetse anganene kuti iye akufuna ogwira kwambiri aja. Ine ndimatsutsa zimenezi. Pa mtsetse njira yodalirika yochepetsera liwiro ndi imene okwera amaitcha slide: umapingasa bolodi dala kuti mawilo akhwekhwereze cham'mbali pa tala, liwiro n'kutsika. Kupondetsa phazi pansi kumathandiza liwiro likadali lochepa, koma likakula sikukwanira. Tsono wilo la mlomo wakuthwa limakana kuterera, limakana, kenako n'kumasuka mwadzidzidzi, kapena kugwiranso msewu pakati pa slide n'kukuponyani pamwamba pa bolodi. Munthu amene sanazolowere sangaliwerenge. Choncho gulani kaye a mlomo wobulungira, a 65mm mpaka 70mm, muphunzirire pa kamtsetse kakang'ono kopanda galimoto mpaka muzitha kuima mbali zonse ziwiri pamene mwafunira. Mawilo otakata a mlomo wakuthwa abwere pambuyo, mutayamba kufuna kudutsa makona mwaliwiro.

Palinso khungu la wilo. Wilo latsopano lonyezimira lili ndi kakhungu kosalala kochokera mu chikombole, ndipo kamagwira msewu kwambiri mpaka katatha. Othamanga mpikisano amakakonda. Mawilo ophunzirira slide amabwera atapalidwa kale ku fakitale, osanyezimira, kuti aziterera kuyambira tsiku loyamba. Ngati anu ndi onyezimira, yembekezerani kuti ma slide oyamba adzakhala onjenjemera ndi aphokoso mpaka kakhunguko katachoka.

Tembenuzaninso wilo muone kapulasitiki kolimba ka pakati, momwe mumakhala ma bearing, timikombero tachitsulo tokhala ndi timipira mkati tothandiza wilo kuzungulira. Kakakhala pakatikati penipeni, wilo limatha mofanana ndipo mungathe kulitembenuza, kunja kukhala mkati. Kakasendera pang'ono mkati, ndiwo mawilo ambiri a mtsetse, ophatikiza kugwira ndi kuterera. Kakakhala kumphepete kwenikweni kwa mkati, wilo limaterera mosavuta koma limatha msanga mbali imodzi. Kwa munthu amene mawilo atsopano amachita kuitanitsa ku South Africa, apakatikati aja ndi amene amakhalitsa.

Ndipo ndinene pano, ngakhale si nkhani ya mawilo: musatsetsereke opanda helemeti ndi magolovesi okhala ndi pulasitiki yolimba pachikhatho. Magolovesi mungapange nokha pomata chidutswa cha thabwa lapulasitiki lodulirapo ndiwo pa magolovesi achikopa ogwirira ntchito. Msewu wa maminibasi ndi akabaza si malo ophunzirira, ndipo kona imene simukuona kutsogolo kwake ifunika mnzanu aimepo.

Kodi akwana pa bolodi yanu?

Wilo likakula kwambiri limakhudza thabwa mukapendeka pokhota, n'kuima nthawi yomweyo, inu n'kupitirira nokha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mangani mawilo, ikani bolodi pa kapinga, imanipo, mupendekere mbali imodzi ndi thupi lonse mpaka pamene ikuthera. Mnzanu alowetse chala pakati pa wilo ndi thabwa. Ngati sichikulowa, chitanipo kanthu: ikani kachidutswa kokweza pakati pa thabwa ndi zitsulo zogwira mawilo, kapena mangitsani pang'ono nati yaikulu ya pakati pa zitsulozo, kapena bwererani ku mawilo ocheperapo. Mabolodi osemedwa pamwamba pa mawilo savuta pa nkhaniyi.

Kumanga mawilo

Wilo lililonse limalowa ma bearing awiri a saizi ya 608: bowo la 8mm, kunja 22mm, kunenepa 7mm. Saizi imeneyi imagwiranso ntchito m'timakina tambiri ta magetsi, ndiye mukasowa a skateboard, funsani 608 m'masitolo a zitsulo. Olembedwa 2RS ali ndi zotseka za labala mbali zonse ziwiri, ndipo kumalo kwa fumbi amenewa ndi abwino kuposa a zotseka zachitsulo. Nambala ya ABEC, kaya 5, 7 kapena 9, isakudyereni ndalama. Imanena za kulondola kwa kapangidwe ka bearing ya makina othamanga kwambiri, sinena ngati ipirire mchenga ndi kukankhidwa cham'mbali.

Lowetsani bearing imodzi pa chitsulo chozungulirapo wilo, mukanikizirepo wilo ndi chikhatho mpaka mumve kuti yakhala. Chotsani, ikani yachiwiri pa chitsulopo, pamwamba pake kapaipi kakang'ono kotchedwa spacer, tembenuzani wilo, kanikizaninso. Musamenye ndi hamala. Kapaipi kaja ambiri amakataya poganiza kuti n'kopanda ntchito, chonsecho n'kamene kamateteza ma bearing kuti asafinyike mukamanga nati, komanso kamachepetsa kunjenjemera pa slide. Pa mawilo ambiri a longboard kamakhala ka 10mm. Pomanga, tsatirani izi: washa kakang'ono, wilo, washa kena, nati. Sipanala yake ndi ya theka la inchi, koma ya 13mm imagwiranso. Mangani mpaka wilo lisiye kugwedera mukalikoka cham'mbali, koma lizizungulirabe momasuka.

Nati ya wilo ili ndi kapulasitiki mkati kamene kamaletsa kuti isamasuke yokha. Mukamanga ndi kumasula kambirimbiri kamatha. Tsiku limene mudzathe kuizungulitsa ndi zala mpaka kumapeto, itayeni. Musanatsike mtsetse uliwonse, gwirani manati onse anayi.

Kusinthanitsa mawilo

Mawilo satha mofanana. Phazi limene mumalemerera, mbali imene mumakonda kukhotera, zonse zimadya wilo lina kuposa linzake. Nthawi zambiri mbali yamkati ndi imene imayamba kutha, wilo n'kuyamba kuoneka ngati ndowa, uku kotakata uku kochepa. Mukangoona zizindikiro, sinthanitsani mopingasa: lakutsogolo kumanzere lipite kumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanja lipite kumbuyo kumanzere. Ngati limodzi lachepa kwambiri, liikeni pamalo pamene mwachotsa lalikulu koposa. Apakatikati aja atembenuzeninso. Wongoyenda m'tauni angachite zimenezi mwa apo ndi apo, koma wophunzira slide aziyang'ana mawilo tsiku lililonse akamaliza, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November pamene tala amawotcha ndipo urethane imadyeka msanga.

Vuto lina ndi kuphwatalala kwa malo amodzi. Limabwera mukapingasa bolodi kotheratu pa slide, mawilo n'kusiya kuzungulira, malo amodzi okha n'kumakhula tala. Mudzalidziwa ndi phokoso la gu gu gu limene limafulumira pamodzi ndi liwiro. Kupewa kwake ndi kusiya mphuno ya bolodi italoza pang'ono kumunsi kwa mtsetse, kuti mawilo azizungulirabe uku akuterera. Kukakhala kochepa kumatha kokha ndi ma slide ataliatali ochita bwino. Kukakula, mmisiri wa makina osemera zitsulo angathe kulibulungizanso wilolo, ngakhale lichepa, ndipo muyenera kuchepetsa onse anayi kuti afanane.

Kutsuka ma bearing

Zungulitsani wilo pafupi ndi khutu. Bearing yabwino imangoti sii pang'onopang'ono. Ikamalira tsekere tsekere kapena kugwiragwira, mwalowa mchenga. Masulani wilo, lisendezeni kunsonga kwa chitsulo kuti chilowe mu bearing imodzi yokha, mupendeke wilolo ngati mukutsegula botolo, ituluka. Ndi nsonga ya singano, tukulani chotseka cha labala mosamala osachipinda. Zotsekazo tsukani padera ndi madzi a sopo. Ma bearing aikeni m'kabotolo kotseka, thirani sipiriti, khutchumulani, tayani zakudazo, bwerezani mpaka sipiriti azituluka woyera. Aumitseni pa nsalu yoyera mpaka aumiretu, kenako dontho limodzi kapena awiri a oyilo wa makina osokera pa bearing iliyonse. Zungulitsani ndi chala kuti oyilo afike paliponse, bwezerani zotseka, ndipo ngati chotseka chili mbali imodzi yokha, chiyang'ane kunja kwa wilo.

Mafuta ophikira ayi, amamata n'kukoka fumbi. WD-40, oyilo wopopera uja, imatsuka koma siikhalitsa, posakhalitsa bearing imauma. Girisi wopepuka amachititsa wilo kuoneka laulesi mukalizungulitsa ndi dzanja, koma munthu akakwerapo kusiyana kwake n'kochepa, ndipo amatchinga fumbi ndi madzi kwa nthawi yaitali. Ngati mumayenda tsiku ndi tsiku pa misewu ya fumbi, ine ndingasankhe girisi. Mukadutsa m'madzi kapena mvula ikakupezani, musagone musanapukute ndi kuthira oyilo, chifukwa dzimbiri silichedwa kugwira.

Mawilo enieniwo safuna zambiri. Chotsani ma bearing, tsukani ndi madzi a sopo ndi kaburashi, zulani timiyala kapena timagalasi tolowa mu urethane, aume bwino. Bolodi musamaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka masana.

Nanga atha liti? Wilo likang'ambika mozama, likathothoka chidutswa chachikulu pa mlomo, urethane ikayamba kulekana ndi kapulasitiki ka pakati, kapena bearing ikamagwedera m'malo mwake, ntchito yake pa mtsetse yatha. Chimodzimodzinso kapulasitiki kaja kakayamba kuonekera kudzera mu urethane. Sinthani onse anayi nthawi imodzi, chifukwa wilo latsopano pakati pa atatu akutha limapendeketsa bolodi ndipo limagwira msewu mosiyana ndi anzake. Akalewo, ngati sanang'ambike, angathandizebe mwana amene akuphunzira kukankha bolodi pa bwalo lathyathyathya.