Momwe mungalowere m'gulu la okonda Sherlock Holmes

Sherlock Holmes sanakhalepo ndi moyo, koma mpaka lero anthu amamulembera makalata ku 221B Baker Street mumzinda wa London. Katswiri wofufuza milanduyu anamupeka ndi dokotala wa ku Scotland, Arthur Conan Doyle, mu 1887, ndipo omukonda ali ndi mabungwe awo, misonkhano yawo ngakhalenso masewera awoawo. Aliyense angathe kulowa nawo.

Yambani ndi kuwerenga, mafilimu abwere pambuyo. Doyle analemba nkhani 60 za Holmes: mabuku aatali 4 ndi nkhani zifupizifupi 56, ndipo zambiri mwa izo zimapezeka kwaulere pa intaneti, monga pa Project Gutenberg. Ine sindilangiza munthu kuyambira buku loyamba, A Study in Scarlet, chifukwa chapakati nkhani imam'siya Holmes n'kukathera nthawi yaitali ku America, ndipo ambiri amagwa ulesi pamenepo. Tengani The Adventures of Sherlock Holmes, nkhani 12 zimene zinayamba kutuluka m'magazini ya Strand mu 1891. Imodzi mumaimaliza madzulo amodzi.

Powerengapo pensulo ndi kope zikhale pambali. M'nkhani yoyamba ya bukuli, Holmes amafunsa mnzake Dr Watson kuti masitepe okwerera kuchipinda chawo ndi angati. Watson anali atakwerapo kambirimbiri koma sakudziwa. Ndi 17. Wokonda Holmes weniweni amawerenga ngati munthu wowerengera masitepe amenewo. Lembani tsiku limene nkhani yachitika, maina, nyengo, amene walowa m'nyumba ndi matope amene ali kunsapato zake.

Kope lanu likayamba kudzaza mudzaona kuti zina sizikugwirizana, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Okonda Holmes amachita masewera akuti Holmes ndi Watson anali anthu enieni, wolemba nkhanizi ndi Watson, pamene Doyle ankangom'thandiza kuzipititsa kwa osindikiza. Ndiye pakapezeka cholakwika simunena kuti wolemba anaiwala ayi, mumafufuza chifukwa chake. Mwachitsanzo, m'buku loyamba Watson akuti anawomberedwa paphewa kunkhondo ya ku Afghanistan, koma m'buku lachiwiri bala lili kumwendo. Kodi zipolopolo zinali ziwiri? Dzina lake ndi John H. Watson, koma m'nkhani ina mkazi wake akumuitana kuti James. Mlembi Dorothy L. Sayers anayankha kuti H ija ikuimira Hamish, dzina la ku Scotland lofanana ndi James. Yankho limeneli ndimalikonda kwambiri, chifukwa silichotsa kanthu m'nkhani, limangowonjezera chikondi cha m'banja. Kawerengedwe kameneka anakatchukitsa ndi Ronald Knox ku Oxford mu 1911. Sankhani funso limodzi lotere, lembani yankho lanu patsamba limodzi, umboni wonse uchokere m'nkhanizo.

Mukatero funani anzanu, poti mutu umodzi susenza denga. Bungwe la Baker Street Irregulars, limene Christopher Morley anayambitsa ku New York mu 1934, munthu amalowa pokhapokha ataitanidwa, ndipo limakumana mu January popeza okonda Holmes amati anabadwa pa 6 January. La Sherlock Holmes Society of London, la mu 1951, limalandira aliyense wolipira ndalama ya umembala. Koma anthu atatu ndi gulu la pa WhatsApp n'zokwanira: nkhani imodzi pamwezi, wina abweretse funso, enawo atsutse.

Tsopano onerani mafilimu, ndipo muziona zimene anawonjezera. Chipewa chotchuka chimene Holmes amavala m'mafilimu chinabwera ndi wojambula zithunzi za nkhanizi Sidney Paget, ndipo mawu akuti "Elementary, my dear Watson" mulibe m'nkhani zonse 60.

Nkhani ya The Final Problem muisunge mpaka mutam'zolowera Holmes. Mu 1893 Doyle atatopa naye anam'gwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland pamodzi ndi mdani wake Moriarty. Owerenga anakwiya, anadandaula, ndipo anadikira mpaka 1903 kuti amve m'nkhani ya The Empty House zoti anapulumuka. Inu mukamaliza yoyambayo tsekani buku, papite sabata yathunthu musanatsegule yachiwiri.