Kayendetsedwe ka Mgwirizano wa Mabungwe Othandiza Anthu Pamene Eni Ake Ndi Mamembala

Mabungwe osamalira ana amasiye, okalamba kapena anthu aulumali akafuna kupanga mgwirizano umodzi, chinthu choyamba kulemba m'malamulo awo ndi chakuti mphamvu zonse zili ndi msonkhano waukulu wa mamembala. Komiti ndi ofesi yoyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi otumidwa chabe, ndipo chaka chilichonse azibweretsa lipoti la ntchito ndi la ndalama kuti mamembala alivomereze kapena alikane.

Bungwe lililonse likhale ndi voti imodzi, kaya lili ndi antchito mazana kaya lili ndi anthu asanu ongodzipereka. Mfundoyi ndi yakale. Kopaletivi imene inakhazikitsidwa ku Rochdale, ku England, mu 1844 inkapatsa membala aliyense voti imodzi, ndipo bungwe la makopaletivi a padziko lonse la International Cooperative Alliance linaibwereza mu 1995 ku Manchester. Ndalama za umembala zingathe kusiyana malinga ndi kukula kwa bungwe, koma kupereka zambiri kusawonjezere mavoti, chifukwa mabungwe ang'onoang'ono akazindikira kuti mawu awo alibe ntchito amasiya kubwera ku misonkhano, pamene ndi iwo amene amadziwa mabanja ovutika ndi maina awo.

Apa ndi pamene ndimalimbikirapo kwambiri, pa nkhani ya opereka thandizo. Mgwirizano usasainire pangano lililonse la ndalama mamembala asanalione ndi kukambirana, pakuti wopereka ndalama akayamba kusankha zoyenera kuchita, mgwirizano umasanduka bungwe lina lopikisana ndi mamembala ake omwe pofunafuna thandizo. Pogawa ndalamazo, wa mu komiti amene bungwe lake lapempha nawo atuluke mu chipinda kufikira anzake atamaliza kuvota, ndipo kutuluka kwakeko kulembedwe.

Maudindo akhale ndi malire a zaka. Mfundo zokakambirana zitumizidwe msonkhano usanafike.

Malamulo otumizirana anthu ofuna thandizo alembedwe ndi mamembala eni ake, monga bungwe loyenera kulandira mwana wochitiridwa nkhanza ndi zinsinsi zimene siziyenera kutuluka. Elinor Ostrom, katswiri wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, anaonetsa kuti malamulo oyendetsera zinthu za anthu onse amakhalitsa pamene owatsatira ali ndi mwayi wowapanga ndi kuwasintha. Choncho muikemo ndime yolola mamembala kuitanitsa okha msonkhano wapadera, ndipo chiwerengero cha ofunika kusainira pempholo chilembedwe momveka.