Musanalipire loya: fufuzani kaye ngati pulogalamu yanu yoonera kompyuta yakutali ndi yatsopanodi

Tiyerekeze kuti mwalemba pulogalamu yoti katswiri ali pa Kasungu boma aziona sikirini ya kompyuta ya kusukulu ku Chamama, kapena ya kalabu ya alimi ku Santhe, n'kukonza vuto osakwera minibasi. Netiweki ya kumeneko ndi yofooka, ndiye mwaikonza kuti isamatumize chithunzi chonse, izingotumiza pamene pasintha. Ena akukuuzani kuti thamangani mukatenge patenti, chikalata cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito luso lanu popanda chilolezo, ena akuti chenjerani, makampani akunja akusumirani. Onsewa muwayankha ndi ntchito imodzi: kuwerenga ma claim n'kuwayerekeza ndi zomwe zidalipo kale, uku mukuyang'ana madeti.

Ma claim ndi ziganizo zamanambala zomwe zimakhala kumapeto kwa chikalata cha patenti. Masamba ena onse, zojambula ndi mafotokozedwe, ali ngati kukuyendetsani m'munda. Ma claim ndiwo mabikoni. Mlandu wa malire suweruzidwa ndi kukongola kwa fodya ali m'mundamo. Prior art ndi chilichonse chomwe chidafika poyera tsiku loyamba kulembetsa lisanakwane: patenti yakale, nkhani ya m'magazini a akatswiri, buku la malangizo, khodi yoikidwa pa intaneti. Ku ARIPO (bungwe loona za ma patenti la maiko ena a mu Africa, kuphatikizapo Malawi), ku Ulaya ndi ku America safunsa kuti chidatulukira dziko liti kapena m'chiyankhulo chanji.

Munda uwu udalimidwa kalekale

Pa 9 Disembala 1968, Douglas Engelbart adaonetsa ku San Francisco anthu awiri otalikirana akugwira ntchito pa sikirini imodzi. X Window System, yoonetsa mawindo a pulogalamu pa kompyuta ina kudzera pa netiweki, idayambira ku yunivesite ya MIT ku America mu 1984, ndipo mtundu wake wa X11 udatuluka mu 1987. Pulogalamu ya pcAnywhere inkayendetsa kompyuta yakutali kudzera pa modemu ndi lamya m'zaka za m'ma 1980. Citrix idatulutsa WinFrame mu 1995. Chaka cha 1998 ndiye chidadzaza nkhokwe: ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni ndi mauthenga, idavomereza ndondomeko ya T.128 yogawana pulogalamu pa sikirini, Microsoft idabweretsa RDP, ndondomeko yake yoonera kompyuta yakutali, mu Windows NT 4.0 Terminal Server Edition, ndipo Tristan Richardson, Quentin Stafford-Fraser, Kenneth Wood ndi Andy Hopper a ku labu ya Olivetti ndi Oracle ku Cambridge adafotokoza VNC, pulogalamu yoonera ndi kuyendetsa kompyuta yakutali, m'magazini ya IEEE Internet Computing. Khodi ya VNC idaperekedwa kwa aliyense pansi pa layisensi ya GPL, yomwe imalola kugwiritsa ntchito ndi kusintha khodi bola mutsatire malamulo ake.

VNC ndi yomwe muyenera kuiwerenga modekha, chifukwa imagwetsa maganizo ambiri omwe anthu amati ndi atsopano. Ndondomeko yake, RFB, imayenda chonchi: kompyuta yoonera ndiyo imapempha chithunzi, ndipo ingathe kunena kuti ikufuna zokhazo zomwe zasintha. Netiweki ikachedwa, zopempha zimachepa, ndiye chithunzi chimadumpha koma sichiunjikana m'njira. Zomwe mwadina pa kiyibodi ndi pa mausi zimabwerera kwinako. Windo ikangosunthidwa, CopyRect imatumiza malangizo oti kopera kuchoka apa kuika apo, osati chithunzi. Hextile imagawa sikirini m'timabokosi ta mapikiselo 16 kwa 16. ZRLE, yomwe idadza pambuyo pake, imagawa 64 kwa 64 n'kufinya deta ndi zlib. Woonera angathenso kupempha mitundu yochepa kuti bandulo isathe msanga. Ngati luso lanu ndi lokhalo lotumiza pamene pasintha, sungani ndalama zanu.

Phwanyani ganizo lanu m'zidutswa

Lembani pulogalamu yanu monga mndandanda wa zochita, chilichonse pamzere wake. Mwachitsanzo: kugawa sikirini m'timabokosi, kuyerekeza kabokosi kalikonse ndi momwe kadalili, kutumiza tokhato tasintha, kuchepetsa mitundu liwiro likatsika, kusunga zomwe munthu wadina netiweki ikaduka n'kuzitumiza motsatana ikabwerera. Zinayi zoyambazo muzipeza mu VNC, kuphatikizapo kusankha kokha mitundu malinga ndi liwiro la netiweki. Chachisanu ndicho muchifufuze mwamphamvu. Nthawi zambiri chatsopano chimakhala chaching'ono chotere, ndipo si manyazi.

Kufufuzako n'kwaulere pa masamba a intaneti a Espacenet, Google Patents ndi PATENTSCOPE ya WIPO, bungwe la dziko lonse loona za ma patenti. Musadalire mawu okha. Olemba ma patenti salemba mmene timayankhulira: m'malo mwa remote desktop mupeza frame buffer, display data, thin client, host ndi client. Chothandiza kwambiri ndi manambala a magulu a CPC, ndondomeko yosanja ma patenti malinga ndi nkhani yake. G06F 3/1454 ndi gulu la kukopera sikirini kupita ku kompyuta ina. G06F 3/1462 ndi la njira zozindikira kusiyana pakati pa chithunzi cha kuno ndi cha uko. G06F 9/452 ndi la mawindo oyendetsedwa patali. Ikani nambala ya gulu pamodzi ndi mawu awiri kapena atatu a chidutswa chanu chija. Mukapeza chikalata chimodzi chofanana ndi zanu, tsegulani zikalata zomwe icho chidatchula komanso zomwe zidachitchula pambuyo pake. Njira imeneyi imapindula kuposa tsiku lonse losinthasintha mawu. Ngati pali lipoti la wofufuza wa ku ofesi ya ma patenti, onani zilembo: X ikutanthauza chikalata chomwe chikugwetsa claim pachokha, Y chikaphatikizidwa ndi china, A n'chongofotokoza mbiri.

Kuwerenga claim

Yambani ndi claim yoima payokha, kawirikawiri nambala 1. Zina zomwe zimati "monga mu claim 1" zimangowonjezera mfundo, motero malire ake ndi opapatiza. Jambulani tebulo la mizati itatu: mawu enieni a claim chidutswachidutswa, chikalata chakale ndi tsamba lake, kenako zomwe pulogalamu yanu imachita. Musafupikitse mawu a claim m'mawu anu, pomwepo ndi pamene anthu amadzinamiza.

Kuti claim igwe chifukwa si yatsopano, zidutswa zake zonse ziyenera kupezeka m'chikalata chimodzi. Zinayi mwa zisanu sizikwana. Zikamwazikana m'zikalata ziwiri, funso limasintha: kodi katswiri wamba wa ntchitoyi pa nthawiyo akadaziphatikiza mosavuta? Apa ndi pamene maloya amalimbana, ndipo kunena kuti "zinali zachidziwikire" popanda chifukwa chooneka m'zikalata sikupambana. Mbali ya kuphwanya patenti ya wina imayenda chimodzimodzi: pulogalamu yanu iyenera kukhala ndi zidutswa zonse za claim. Samalani ndi liwu loti comprising. Limatanthauza kuti "zokhala ndi izi, ngakhale pali zina", ndiye kuwonjezera SMS kapena Airtel Money pamwamba sikukutulutsani m'munda wa eni. Chimakutulutsani ndi kusowa kwa chidutswa chimodzi, ngakhale makhoti ena amawerengabe chidutswa chosinthidwa pang'ono chabe ngati chomwecho.

Cholakwika chofala n'kuwerenga chikalata cha A1 n'kuchita mantha. Chimenecho ndi pempho chabe, lomwe limasindikizidwa pakatha miyezi 18, ndipo ma claim ake amakhala otambalala dala. Funani B1 kapena B2, yomwe idavomerezedwa; kawirikawiri mudzaona kuti yadulidwa kwambiri.

Madeti

Deti lofunika ndi priority date, tsiku loyamba kulembetsa lija, osati tsiku lomwe patenti idaperekedwa. Pansi pa mgwirizano wa Paris, munthu ali ndi miyezi 12 yoti alembetse m'maiko ena akusunga deti loyamba lija. Tsono taonani msampha: RFB idasindikizidwa mu 2011 monga RFC 6143, chimodzi mwa zikalata za ndondomeko za intaneti. Chikalata chimenecho n'chomveka bwino, koma sichingagwetse patenti ya deti la 2003. Pamenepo mufunika nkhani ya 1998 ija kapena ndondomeko yakale ya RFB 3.3. Tsamba la pa intaneti lopanda deti ndi umboni wofooka. Lifufuzeni pa Wayback Machine ya Internet Archive, musunge PDF yoonetsa tsiku.

M'maiko ambiri patenti imatha pakapita zaka 20 kuchokera tsiku lolembetsa, ndipo imafa msanga mwini akaleka kulipira. Ku America malipirowo amakhala pa zaka 3.5, 7.5 ndi 11.5. Mwini patenti yakufa sangakusumireni pa zomwe mwachita itafa kale, komabe ikadali prior art yotchinga pempho lanu. Komanso patenti imagwira ntchito m'dziko lomwe idaperekedwa lokha. Ya ku America ilibe mphamvu pa Mtunthama. Tsegulani mndandanda wa banja lake (ma patenti a luso lomwelo m'maiko ena) pa Espacenet muone ngati muli nambala yoyamba ndi AP, ya ARIPO, ndipo ngati Malawi adatchulidwamo. Mukafuna kugulitsa kutsidya la Mchinji, ku Chipata, onaninso Zambia.

Chidutswa chachisanu chija chikapulumuka, tsekani pakamwa kaye. Kuika khodi pa tsamba logawanirana khodi la GitHub, kanema pa Facebook kapena kuonetsa pa chionetsero cha achinyamata kumasandutsa luso lanu kukhala prior art yodzigwetsera nokha. America imapereka chaka chimodzi cha chisomo, koma Ulaya salekerera choncho. Njira zolembetsera patenti zilipo zitatu: ofesi ya ma patenti ya dziko lino, ARIPO ku Harare pansi pa Harare Protocol ya 1982, kapena PCT, mgwirizano wolembetsera m'maiko ambiri ndi pempho limodzi, yomwe imakupatsani pafupifupi miyezi 30 yosankha maiko. Claim ilembedwe monga njira yeniyeni yothetsera vuto la makina, osati ganizo la bizinesi: Ulaya sapereka patenti pa pulogalamu payokha, ndipo chigamulo cha khoti lalikulu la ku America pa mlandu wa Alice mu 2014 chidagwetsa ma claim ambiri ongoti "chitani izi pa kompyuta". Ngati mwatengako khodi ya VNC, imeneyo ndi nkhani ya kopiraiti ndi GPL, mukaifunse padera. Popita kwa loya tengani tebulo lija, zikalata zisanu zoyandikira kwambiri ndi madeti ake, ndi tsiku lomwe munthu wakunja adaona pulogalamu yanu koyamba.