Musathamangire foni mukakumana ndi 720,720

Kwa inu amene mumathandiza ana masamu madzulo, yesani nambala iyi: 720,720. Muuzeni mwana apeze manambala amene angaigawe popanda chotsala. Ambiri amayamba ndi 2, kenako 3, akafika pa 7 mutu wazungulira.

Yang'anani kaye maonekedwe ake. Manambala atatu omwewo abwerezedwa, 720 kenako 720. Nambala iliyonse yotere imapezeka pochulukitsa ndi 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Basi, ogawa atatu ovutawo mwawapeza musanagwire cholembera. Yatsala 720, yomwe ndi 16 × 9 × 5.

N'chifukwa chake 720,720 ndi nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi manambala onse kuyambira 1 mpaka 16. Pa 17 m'pamene imakana. Ogawa ake onse alipo 240, ndipo palibe nambala yocheperapo imene ili ndi ochuluka chonchi. Kuwerenga kwake n'kosavuta: mu 720,720, 2 alimo kanayi (16 ndi 2 × 2 × 2 × 2), 3 kawiri (9 ndi 3 × 3), ndipo 5, 7, 11 ndi 13 kamodzikamodzi. Onjezerani 1 pa kalikonse n'kuchulukitsa: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2.

Njira ya 1,001 imathandizanso poona ngati 7, 11 kapena 13 amagawa nambala ina, ndipo ine ndimaikonda kuposa malamulo aatali a 7 amene ana amaloweza. Tengani 345,912. Chotsani 345 pa 912, mutsala ndi 567. Poti 7 amagawa 567 koma 11 ndi 13 sagawa, yankho ndi lomwelo pa 345,912.