Chipinda cha Atate: mmene ndimasankhira hotela msilikali wakale akabwera kuno ku Lusaka

Atate anga sadandaula. Kaya mwawagoneka pa simenti, kaya mwawapatsa tiyi wozizira, mukawafunsa m'mawa kuti mwadzuka bwanji, yankho ndi limodzi: "Bwinobwino, mama." Analowa usilikali mu 1972. Mu 1978, chaka chimene ndege za Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, zinkaponya mabomba ku Kavalamanja ndi ku Chikumbi, iwo anali m'maenje ku Feira, komwe lero timati ku Luangwa. Mu 1993 anapita ku Mozambique atavala chipewa chabuluu cha United Nations. Lero ali ndi zaka 77, maondo anatha, khutu lakumanzere silimva bwino, ndipo amabaya jakisoni wa shuga. Koma kuti pakamwa pawo patuluke mawu akuti "pandipweteka", mudikira mpaka nkhuku itamera mano.

Ine ndimakhala m'mafulati ku Kabwata, pamwamba penipeni, zipinda ziwiri. Banja likakumana, Atate ndi Amayi kuchokera ku Katete, achimwene ndi alamu ndi ana awo atatu kuchokera ku Kitwe, sitingakwane, ndipo masitepe akwathu ngosatheka kwa munthu woyenda ndi ndodo. Ndiye timafuna hotela kapena loji.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinaona zithunzi pa Facebook: maluwa, dziwe losambira, bedi loyala nsalu zoyera mbee. Ndinatumiza ndalama pafoni osapondako phazi. Makolo anatsika basi pa Intercity atayenda makilomita pafupifupi 500, msana utauma ndi mapiri a Manenekera, ndipo titafika pa loji paja anatiuza kuti chipinda chathu chili m'mwamba. Masitepe 19. Atate anakwera onsewo osapumira, chifukwa panali mtsikana wa pa resepishoni akuyang'ana. Unali mwezi wa Okutobala, usiku wa pa 23, ndipo pakati pa usiku makombola a chikondwerero cha ufulu anayamba kuphulika. Kutacha ndinawafunsa. "Bwinobwino, mama." Patatha sabata ziwiri ndi pamene Amayi anandiululira pafoni: "Atate ako anachezera pampando, nsapato kumapazi, maso kuchitseko. Ndipo masiku atatu onse aja m'bafa lija sanalowemo, amangodzipukuta ndi thawulo lonyowa."

Kuchokera pamenepo ndili ndi njira yanga, ndipo choyamba n'chakuti pitani nokha. Foni ndi zithunzi sizikuuzani za maondo. Ngati muli kutali, tumani wachibale wosachita manyazi kufunsa, ndipo mumuuze kuti akapemphe kiyi ya chipinda chenichenicho chimene mudzagonemo, osati chimene amaonetsa alendo. Ine ndimapita Loweruka chakumadzulo, ndipo chifukwa chake ndichinena posachedwa.

Mukafika, imani pomwe galimoto lidzaime, kenako yendani pang'onopang'ono mpaka pabedi, mukuwerenga sitepe iliyonse. Mudzadabwa. Malo ambiri amene amati "chipinda chapansi" ali ndi masitepe atatu pakhonde, ina imodzi yobisala pakhomo la chipinda chodyera, ndi timiyala totayirira pabwalo pomwe ndodo imaterereka. Za lifiti musazidalire kwenikweni. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene magetsi ankathimira tsiku lonse. Funsani mosabisa ngati lifiti imayenda pa jenereta, ndipo akayamba kukanda m'mutu, tengani chipinda chapansi basi.

Kubafa ndi kumene ndimakhalitsa, mpaka wondionetsa malo amayamba kuyang'ana wotchi. Bafa lija logonamo, lalitali m'mbali, ndilo mdani wamkulu. Kuti munthu alowemo ayenera kuimirira ndi mwendo umodzi pamatailosi onyowa, winawo n'kuukweza mpaka kufika m'bondo. Mnyamata sazindikira n'komwe kuti akuchita zimenezo. Kwa Atate ndi nkhondo. Funani shawa yolowa mongoyenda, yopanda chopingasa pansi, kapena chikhalepo koma chachifupi ngati chala. Tsegulani madzi, nyowetsani pansi, vulani nsapato, pondanipo. Matailosi onyezimira aja amene amakongola pachithunzi amaterera ngati therere. Gwirani chitsulo chopachikapo thawulo ndi kuchigwedeza, chifukwa munthu akamagwa amagwira chilichonse chimene chili pafupi, ndipo zambiri mwa zitsulozi zinamangidwa ndi timisomali tiwiri. Ngati palibe chogwirira chenicheni pakhoma, pemphani mpando wapulasitiki woti aziika mu shawa. Akakana, ine ndimabweretsa wanga wa kunyumba pamodzi ndi kamphasa ka labala, ndi beseni, popeza Atate anazolowera kusamba ndi kapu.

Khalaninso pachimbudzi, inde, khalanipo ndithu, muone ngati n'chotsika kwambiri. Kenako yang'anani loko wa chitseko. Atate amakhoma chitseko cha bafa nthawi zonse, ndi khalidwe lawo. Funso nlakuti, atagwa ali m'katimo, tingatsegule bwanji tili kunja? Loji ina ndinaisiya chifukwa cha chimenechi chokha: chitseko chinali chotsegukira m'kati, kabafa kakang'ono, loko wake wa mpiringidzo. Munthu atagwa motsamira chitsekocho, mpaka kuitana kalipentala.

Pomaliza zimitsani magetsi, mutseke makatani, muyende kuchoka pabedi kupita kubafa. Bambo wa zaka zimenezi amadzuka katatu kapena kanayi usiku. Ngati m'njiramo muli kapeti wopindika m'mphepete kapena katebulo kagalasi, auzeni achotse. Tochi muike pamutu pabedi. Bedi lenilenilo likhale loti munthu akakhala m'mphepete mapazi afike pansi bwinobwino, ndipo matiresi asakhale omira. Payeneranso kukhala mpando wokhala ndi mikono yogwirira podzuka. Masofa ofewa aja amameza nkhalamba.

Tsopano za Loweruka zija. Ku Lusaka loji yokhala ndi kapinga wabwino imadyera maukwati ndi makitcheni pate. Lachiwiri m'mawa mudzapeza bata, mbalame zikulira, koma Loweruka masipika amagunda mpaka mawindo kunjenjemera. Funsani kuti pa masiku anuwo pali zochitika zanji, ndipo musafunse abwana okha. Mlonda wa pageti ndi amayi okonza m'zipinda ndiwo amanena zoona. Ine ndimagula kabotolo ka zoziziritsa kukhosi, kukhala pang'ono ndi mlonda, n'kumufunsa kuti bala yoyandikana nayo imatseka nthawi yanji ndipo jenereta ili kuti. Kenako ndimakaiona ndi maso. Jenereta ikamalilima kuseri kwa khoma la kumutu kwanu, ndiye kuti tulo mwagulitsa. Ndipo sikuti ndi phokoso lokha ayi. Chimene chimawadzidzimutsa Atate ndi kugunda kwadzidzidzi kuja ikamayaka pakati pa usiku. Sanatiuzepo zimene anaona ku Feira, ndipo ife sitifunsa. Timangodziwa kuti pa 24 Okutobala ndi pa Chaka Chatsopano sitiwabweretsanso m'tauni. Si msilikali aliyense ali chonchi. Mnzawo wina wa ku Chadiza amagona ngakhale pa dansi. Wanuyo mumudziwa ndinu, ndipo ngati simumudziwa, funsani amene amagona naye chipinda chimodzi.

Kanthu kena kakang'ono: Atate amafuna kugona poona chitseko, ndipo sakonda windo lalikulu kumsana. Ndikalowa m'chipinda ndimayang'ana zimenezo, ndipo kawiri konse ndapemphapo kuti atembenuze bedi. Palibe anakana.

Wodwala shuga amafuna furiji. Insulini yosatsegula imasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ikaundana yawonongeka, choncho musaiike pafupi ndi kabokosi ka ayisi. Tifuriji ta m'zipinda tina timazima mukangotulutsa khadi la chitseko, tina sitilumikizidwa ku jenereta. Funsani, ndipo ngati zili zokayikitsa, pemphani malo mu furiji ya kukhitchini, mankhwalawo ali m'kabokosi kolembedwa dzina. Funsaninso za madzi otentha. Lusaka ili pamtunda, mamita opitirira 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira mpaka m'mafupa. Giza ya dzuwa imakhala itazirala pofika 5 koloko m'mawa, nthawi yomwe msilikali amasamba. Mu Okutobala ndi Novembala nkhani ndi fani ndi neti ya udzudzu.

Chakudya musachitenge mopepuka. Hotela zazikulu zimayala matebulo a soseji, makeke ndi timadziti totsekemera, ndipo mumalipira zonsezo pamene mkuluyo angodya dzira limodzi. Atate amafuna phala m'mawa kwambiri chifukwa cha jakisoni, masana nsima ya mgaiwa ndi chibwabwa chotendera kapena nkhuku ya kumudzi, mchere pang'ono. Lankhulani ndi wophika mwiniwakeyo, osati wa pa resepishoni. Mufunseni ngati angapereke phala 6 koloko, ndiponso ngati amalola chakudya chochokera kunja. Pamenepa maloji ang'onoang'ono amaposa hotela zotchuka, chifukwa wophika ndi mmodzi ndipo pofika tsiku lachiwiri wadziwa kale kuti agogo aja safuna shuga. Ine ufa wa mgaiwa ndimabweretsa ndekha m'kathumba. Ngati banja ndi lalikulu ngati lathu, nyumba zolipira pa tsiku zokhala ndi khitchini yake zimathandizanso, bola muziyese ndi muyeso womwewu wa masitepe ndi bafa.

Dera lisankheni poyang'ana kumene mudzapite ndi kumene chipatala chili, osati kukongola kwa mpanda. Mu Lusaka makilomita sanena kanthu, chimene chimanena ndi mzere wa magalimoto. Wogona ku Makeni ayenera kulimbana ndi Kafue Road m'mawa, wogona ku Chelstone ndi Great East Road. Ulendo wathu wachiwiri unali wa mwambo wokumbukira asilikali, umene umachitika Lamlungu lachiwiri la Novembala pa chipilala cha Cenotaph, m'mbali mwa Independence Avenue. Atate ankafunanso kukaima pamanda a Kenneth Kaunda ku Embassy Park, popeza pamaliro mu 2021 sanathe kubwera. Zonsezi zili dera limodzi, ndiye ndinafufuza ku Longacres, Rhodes Park ndi Woodlands kokha. Kuchokera kumeneko chipatala chachikulu cha UTH chili pafupi, chipatala cha asilikali cha Maina Soko chilinso pafupi. Mukagona chakummawa kwa mzinda, chipatala chachikulu chapafupi ndi Levy Mwanawasa. Makhadi onse akuchipatala, la inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, chitupa chawo cha usilikali ndi pepala la mayina a mankhwala zikhale m'chikwama chimodzi, ndipo wina aliyense m'banjamo adziwe pomwe chili. Funsani ngati pageti pamakhala munthu usiku wonse. Takisi ya Yango mungaiitane 2 koloko usiku, koma geti likakhala lokhoma ndipo wa makiyi wapita kwawo, zathera pomwepo.

Pa ndalama ndinena mwachidule. Funsani ngati mtengo akukuuzaniwo waphatikiza kale VAT ya 16 peresenti ndi zina zowonjezera. Mukatenga zipinda zitatu masiku angapo, nenererani, amatsitsa. Tchulaninso kuti mkuluyo ndi msilikali wopuma, nthawi zina mwini malo amakhudzidwa, koma musayese ngati ndi lamulo. Musanatumize dipoziti pa Airtel Money kapena MoMo, akulembereni pa WhatsApp nambala ya chipindacho ndi zonse mwagwirizana, chifukwa amene munalankhula naye Loweruka sadzakhalapo tsiku lofika. Ana agone pafupi koma osati khoma limodzi ndi agogo awo. Chipinda choyandikana nacho mugonemo inu.

Chovuta kuposa zonse ndi ichi: zonsezi muzichite mwakachetechete. Tsiku lina ndinalakwa kunena pa resepishoni, Atate ali pomwepo, kuti "awa ndi odwala, sangathe masitepe". Sanandiyankhule mpaka madzulo. Tsopano ndimakonza zonse iwo asanafike, ndipo antchito ndimawauza kuti kukubwera a Sajeni, awalankhule chakudzanja lamanja, ndipo asawagwire mkono pokhapokha atapempha okha. Mpando wa mu shawa ndimati ndi wa Amayi. Amayi amavomera, ngakhale maondo awo ndi olimba kuposa anga. Ndikapeza zipinda ziwiri zoyenera, ndimawasiyira Atate kuti asankhe okha. Amalowa manja kumbuyo, kuyendetsa chala pamwamba pa kabati kuona fumbi, kukoka nsalu ya pabedi, kenako n'kugwedeza mutu ngati ali pa inisipekishoni ku Arakan Barracks.

Lamlungu lija la Novembala anadzuka 4 koloko. Ndinamva kudzera pakhoma akupolisha nsapato. Anatuluka atavala jekete yakuda, mamendulo atatu pachifuwa, ndipo kuchoka pachitseko mpaka pagalimoto anayenda okha, ndodo ili m'khwapa. Mlonda wa pageti anaimirira n'kuchita sawasha. Atate anaima, kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kumuwongola chigongono.

Madzulo ake tikudya, anakankha mbale pang'ono n'kundikodola.

"Mama, kamuuze mnyamata wa kukhitchiniyo. Nsima iyi njofewa. Mawa alimbitse dzanja."